Ubongo ukagwedezeka: bala limene silituluka magazi

Mng'ono wanga amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ndipo siteji yake ili ku Chinamwali, kuno ku Zomba. Tsiku lina chakumadzulo, akuchokera ku Songani komwe anakatula kasitomala, mbuzi inadumphira mumsewu. Anamanga mabuleki, njinga inaterereka, iye n'kugwa chagada, n'kumenyetsa nkhongo paphula. Chipewa anali atavala koma lamba sanamange, ndiye chinavuka asanafike n'komwe pansi. Amene anaona akuti anagona kanthawi kochepa, kenako anadzuka yekha, n'kudzisasa fumbi, n'kudzutsa njinga. Magazi panalibe, anangosupuka pang'ono pachigongono. Anthu anati Mulungu ndi wamkulu, ndipo mnzake wa pa siteji anamuperekeza kunyumba.

Ine ndinafika kuli kachisisira. Ndinamupeza atakhala pakhonde, maso ali pansi.

"Achimwene, njinga ija ili kuti?"

Ndinamuuza kuti ili m'nyumba, yangosweka galasi. Anavomera ndi mutu. Mlamu anabweretsa madzi osamba m'manja, ndipo tisanateme n'komwe nsima anafunsanso.

"Achimwene, njinga ija ili kuti?"

Mawu omwewo, nkhope yomweyo, ngati funsolo likumubwerera koyamba. Atafunsa kachisanu, mlamu anasiya mbale pansi n'kuyamba kulira.

Usiku womwewo tinapita naye kuchipatala. Adokotala anamuunika m'maso ndi tochi, anamufunsa tsiku ndi mwezi, anamuuza kuti afinye zala zawo ndi dzanja lililonse, anapapasa khosi fupa ndi fupa. Anamugoneka kuti amuone mpaka kuche. M'mawa analemba m'buku lake liwu lakuti concussion, anatipatsa Panado, n'kutiuza kuti akapume. Pano vutoli ndizilitcha kugwedezeka kwa ubongo. Ndikulemba chifukwa milungu yotsatira inatisautsa kuposa usiku wa ngoziwo, ndipo zambiri zikanapepuka tikanadziwa zimene ndikudziwa lero.

Aliyense amene anaphikapo mutu wa mbuzi akudziwa mmene ubongo ulili: wofewa, woti n'kuuphwanya ndi chala. Wa munthu ndi chimodzimodzi, kungoti ndi waukulu, umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4. Sunamatidwe ku chigaza ayi, umayandama m'timadzi toyera timene timauteteza tikamayenda kapena kudumpha. Koma mutu ukaima mwadzidzidzi, monga umachitira ukagunda phula, ubongo umapitirira ndithu n'kukagunda khoma la chigaza, kenako n'kubwerera. Zimaipa kwambiri mutu ukapotoka, chifukwa timitsempha ting'onoting'ono tonyamula mauthenga timakokeka. N'chifukwa chake ubongo umatha kugwedezeka mutu usanagunde kanthu, monga minibasi ikawombedwa kumbuyo, kapena wosewera mpira akagundidwa mwamphamvu pachifuwa mutu n'kukankhika.

Timitsempha tikakokeka chonchi, michere imene imayenera kukhala mkati mwa maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga ubongo, imatayikira kunja, ya kunja n'kulowa mkati. Kuti ubongo ubwezere chilichonse pamalo pake umafunika shuga wambiri, koma pa nthawi yomweyo magazi obweretsa shugayo amakhala akuyenda mochepa. Ngakhale tsiku labwinobwino ubongo umadya kwambiri: pa mphamvu zonse zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala, gawo limodzi mwa magawo 5 limathera kumeneko. Ndiye taganizani pakhomo pamene pagwa maliro mu Febuluwale, anthu adzaza bwalo, ufa uli pansi pa thumba. Ntchito zimene kale zinkangochitika zokha, monga kuwerengera chenji kapena kumvetsera anthu awiri akulankhula nthawi imodzi, zimasanduka mtolo wolemera. Kusowa mphamvu kumeneku kumatenga masiku, nthawi zina milungu, ndipo ndi kumene kumatchedwa kugwedezeka kwa ubongo.

Ambirife timayeza kukula kwa ngozi ndi zinthu ziwiri, magazi ndi kukomoka, ndipo zonse ziwiri zimanamiza. Khungu la m'mutu limatulutsa magazi ambiri ngakhale litang'ambika pang'ono, ubongo uli bwinobwino, pomwe wina alibe ndi chotupa chomwe koma mkati mutagwedezeka. Mwa anthu ogwedezeka ubongo pamasewera, amene amakomoka ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa 10. Okonda mpira akukumbukira ndime yotsiriza ya chikho cha dziko lonse mu 2014 ku Rio de Janeiro, pamene Germany inakumana ndi Argentina. Christoph Kramer wa Germany anawombana ndi Ezequiel Garay, phewa n'kumupeza kumutu. Anadzuka n'kusewerabe pafupifupi mphindi 15. Woyimbira mpirawo, Nicola Rizzoli, anaulula pambuyo pake kuti Kramer anabwera kudzamufunsa ngati imeneyi inalidi ndime yotsiriza. Miyendo inkathamanga, koma ubongo unali utasiya kusunga zochitika. Ndi zomwezo zimene zinkachitika pakhonde paja. Yankho langa linkalowa m'khutu, koma linalibe poti likhale.

Chimene chimasokonezanso anthu n'chakuti zonsezi sizioneka pa chithunzi. Ekisire imaonetsa mafupa, ubongo siiuona. Makina a CT scan amaonetsa magazi otayikira mkati ndi chigaza chosweka, koma ubongo wongogwedezeka umaoneka wabwinobwino. Choncho adokotala akanena kuti sanapeze kanthu, tanthauzo lake n'lakuti sanapeze choopsa chofuna opaleshoni, osati kuti wodwalayo akunama. M'buku lakuchipatala mumatha kuona palembedwa GCS 15/15 kapena 14/15. Umenewu ndi muyezo umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza ku Glasgow mu 1974, woona mmene munthu akutsegulira maso, mmene akuyankhira ndi mmene akusunthira ziwalo. Umayambira pa 3 kulekeza pa 15, ndipo kugwedezeka kwa ubongo kumakhala pakati pa 13 ndi 15. Wa mng'ono wanga unali 14 usiku uja chifukwa cha kusokonezeka kuja. Ndinasangalala kumva kuti muyezo wofanana nawo wa ana aang'ono odwala malungo a mu ubongo, Blantyre Coma Scale, unakonzedwera kwathu konkuno ndi Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, ndipo umagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha aliyense achigwiritsitse. Kugwedezeka kwa ubongo pakokha nthawi zambiri kumapola. Chimene chimapha ndi magazi otayikira mkati mwa chigaza, ndipo maola oyamba ziwirizi zimatha kuoneka zofanana. Chigaza sichifutukuka. Mtsempha ukaphulika mkatimo, magazi amadzikundika pang'onopang'ono n'kumapanikiza ubongo, moti munthu atha kulankhula, kudya, kuseka ndi anzake, kenako patapita maola angapo n'kugona tulo tosadzuka nato. Ndiye wovulala m'mutu asakhale yekha tsiku loyamba lonse, usana ndi usiku womwe. Mutu ukamapweteka mowonjezereka m'malo mochepa, akasanza kawiri kapena kuposa apo, akamasinza moti kumudzutsa kukuvuta, akaphupha ngati wakhunyu, dzanja kapena mwendo ukalobodoka kapena kuchita dzanzi, mawu akamatuluka ngati a woledzera, kamwana ka diso limodzi kakakula kuposa kanzake, m'khutu kapena m'mphuno mukamatuluka magazi kapena timadzi toyera, musadikire kuti kuche. Pitani naye ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chimene chili pafupi nthawi yomweyo. Madokotala a opaleshoni ya ubongo ali ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, pafupifupi makilomita 65 kuchokera kuno, ndipo ola lililonse limene latayika pakhomo limachotsedwa pa nthawi ya ulendo umenewo.

Amene anakomoka, amene sakukumbukira zomwe zachitika, okalamba, makanda, ndi amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, onsewa akaonedwe ndi achipatala ngakhale akuoneka bwino. Woledzera ndiye makamaka. Munthu wagwa pochokera kumowa, akudzandira, akubwebweta, anzake n'kumati ndi kachasu ameneyo, akagone. Zizindikiro za mowa ndi za magazi a m'mutu zimafanana kwambiri moti palibe angazisiyanitse pongoyang'ana. Ndiponso pangozi timathamangira kunyamula munthu, wina miyendo wina manja, mutu uli lendelende. Cholinga chathu chimakhala chabwino, koma chimene chagunda mutu chimathanso kuthyola khosi. Wina agwire mutu ndi manja awiri kuti ukhale mowongoka ndi msana, ndipo ngati wovulalayo akudandaula khosi, anyamulidwe pa chinthu cholimba ngati chitseko.

Ambirife tinakula tikumva kuti wovulala m'mutu asagone. Achipatala akamuona n'kumulola kupita kunyumba, tulo ndi mankhwala ndithu. Chofunika n'chakuti wina azimusuzumira, kuona kapumidwe kake, ndi kuti akamugwedeza akudzuka monga mwa masiku onse. Mutu ukamapweteka, Panado ndi wokwanira. Asipirini ndi Brufen asiyeni kaye masiku awiri oyamba, chifukwa zimatha kuwonjezera kutaya magazi, ndipo mankhwala ena a mutu ogula pa okala ali ndi asipirini mkati, ndiye werengani papepala. Mowa ayi.

Kuno mutu, nseru ndi kufooka timangoti malungo. Tsiku lachitatu mlamu anali atagwira kale LA wotsala m'nyumba. Ndinamuletsa, tinakayezetsa, malungo panalibe. Kuyezetsa n'koyenera chifukwa munthu atha kugwa komanso kudwala malungo nthawi imodzi, koma mukafika kwa adokotala nenani za kugwako poyambirira. Mukangonena za mutu, nawonso aganiza za udzudzu.

Tsopano ndifotokoze za kunyumba, chifukwa ndi kumene nkhondo yeniyeni inali. Funso la njinga lija linatha m'mawa mwake, koma panabwera zina. Dzuwa linkamuthobwa m'maso moti ankakhala m'chipinda makatani atatseka. M'makutu munkalira ngati muli nyenje za mu Okutobala. Akawerama kuti amange nsapato, nyumba inkazungulira. Ankatha kuyamba nkhani n'kuima pakati, kufunafuna liwu limene amalidziwa bwinobwino. Usiku tulo osabwera, masana kusinza. Wailesi ya aneba, imene wakhala akuimva zaka zonsezi osaidandaula, inkamupweteka ngati akumukhomera msomali. Chimene chinatiwawa tonse ndi mtima. Mnyamata wofatsa uja anayamba kupsa mtima ndi tinthu tachabechabe. Tsiku lina mwana wake wa zaka 3 anagwetsa mbale yachitsulo pasimenti, iye n'kumuzazira mpaka mwana kukabisala kuseri kwa amake. Kenako anakhala pamphasa n'kuyamba kulira yekha.

Madzulo ake anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundifunsa monong'ona.

"Achimwene, tandiuzani zoona. Kodi ndikupenga?"

Ife a ku Zomba timadziwa mmene dzina la tauni yathu limamvekera kwina. Munthu akangoti uyu ngofunika ku Zomba, aliyense amadziwa kuti akunena Zomba Mental Hospital. Mantha amenewo amakhala mwa ife tomwe, ndipo amachititsa munthu kubisa zimene akumva. Ndikanakonda ndikanakhala ndi yankho lomveka tsiku lomwelo. Yankho lake ndi ili: kuiwala, kupsa mtima, kulira popanda chifukwa, nkhawa ndi kusowa tulo ndi zizindikiro zodziwika za ubongo wogwedezeka, zolembedwa m'mabuku a madokotala pamodzi ndi mutu ndi chizungulire. Kudziletsa nakonso ndi ntchito ya ubongo, ndipo kumafuna mphamvu zomwe zija zimene zaperewera. Kungomva kuti zimenezi n'zoyembekezeka ndiponso kuti zimatha kumamuchotsera wodwala theka la katundu.

Amayi atabwera kuchokera ku Jali anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, mbuzi imeneyo inachokera kuti? Apa pali dzanja la munthu." Ankafuna apite naye akamutemere mphini. Sindikuwaweruza, chifukwa kwa munthu amene akuona mwana wake wasintha khalidwe popanda bala, maganizo amenewo amabwera okha. Anzake ena a pa siteji anali ndi maganizo awo: ankati mwamuna sagona chifukwa cha mutu, ndi ulesi umenewo. Wodwala wa bandeji anthu amamubweretsera nthochi. Wogwedezeka ubongo amamufunsa kuti ayamba liti ntchito.

Ndiye kupuma kwake n'kotani? Apa ndi pamene ife tinalakwitsa mbali zonse ziwiri. Kwa zaka zambiri madokotala ankalangiza kuti munthu agone m'chipinda chamdima mpaka zonse zitatha. Malangizo amenewo anasintha. Kafukufuku wa ku America wa mu 2015 anayerekeza achinyamata amene anauzidwa kupuma kotheratu masiku 5 ndi amene anapuma tsiku limodzi kapena awiri n'kuyambiranso pang'onopang'ono, ndipo opuma nthawi yaitali aja ndi amene anadandaula zizindikiro zambiri. Mu 2019 gulu la John Leddy ku Buffalo linapeza kuti mwa achinyamata amene ankalimbitsa thupi mopepuka tsiku ndi tsiku, theka anali atachira pofika tsiku la 13, pomwe mwa amene ankangodziwongola zinatenga masiku 17. Kafukufuku wina wa mu 2021 ku Massachusetts anaonetsa kuti amene anasiya foni, TV ndi kompyuta maola 48 oyamba ankachira msanga, masiku 3 ndi theka poyerekeza ndi masiku 8. Akatswiri atakumana ku Amsterdam mu Okutobala 2022 anagwirizana chimodzi: maola 24 mpaka 48 oyamba munthu apume, azingoyendayenda pakhomo, foni ikhale patali, kenako ayambe kuyenda ndi kugwira tintchito topepuka, n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku.

Muyezo umene anapereka ndi wosavuta, woti aliyense atha kuugwiritsa ntchito kumudzi komwe. Musanayambe chinthu, dzifunseni kuti mutu kapena chizungulire chili pati pakati pa 0 ndi 10. Mukamachita chinthucho n'kukwera ndi 1 kapena 2, n'kutsikanso ola lisanathe, palibe choopsa, pitirizani mawa. Chikakwera kuposa apo, kapena chikakhalitsa, mwapyola malire. Imani, mupume, mawa muchepetse.

Ife poyamba tinamutsekera m'chipinda, ndipo ankangokhalira kuganiza. Kenako ndalama zinalankhula. Njinga si yake, ndi ya bwana amene amayembekeza zake tsiku lililonse, kaya kwagwa mvula kaya kwacha bwanji. Tsiku lachinayi anadzuka m'mamawa osauza munthu n'kupita pa siteji. Anafika mpaka ku Mpondabwino atanyamula mayi wina ndi dengu lake. Kumeneko phokoso la mahutala, oitanira ndi masipika linamugwera pamodzi, m'maso munachita chidima, ndipo anangokwanitsa kuimika njinga m'mbali n'kukhala pansi. Anabwerera kunyumba mutu ukupweteka kuposa tsiku loyamba, ndipo anagona masiku awiri.

Chimene chimandiopsa ndikakumbukira tsiku limenelo si mutu wopwetekawo ayi. Ubongo wogwedezeka umachedwa kuona ndi kuganiza, ndiye mpata wogwanso umakula, ndipo kugunda kwachiwiri ubongo usanapole kumakhala koipa kuposa koyamba. Kawirikawiri kumangotalikitsa matenda. Koma mwa apo ndi apo, makamaka kwa achinyamata, ubongo umatupa mofulumira munthu n'kufa. Ku Ottawa m'dziko la Canada, mtsikana wa zaka 17 wosewera rugby, Rowan Stringer, anamwalira mu Meyi 2013 atagundidwa m'mutu kangapo m'sabata imodzi. Anauza anzake pa foni kuti mutu ukumupweteka, koma akuluakulu sanawauze chifukwa ankafuna kusewerabe. Mu 2018 chigawo cha Ontario chinakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake, lokakamiza kuti wokayikiridwa atulutsidwe m'bwalo.

Ndikaima m'mbali mwa bwalo kuonerera bonanza, ndimaona zomwezo. Anyamata awiri alumphira mpira umodzi, mitu gu, wina wagwa. Amamuthira madzi kumutu, anthu akukuwa kuti dzuka ndiwe mwamuna, iye n'kudzuka n'kumathamanga modzandira. Kuyambira pa 1 Julayi 2024 malamulo a mpira wamiyendo amalola mipikisano kupatsa timu mwayi wowonjezera wosintha wosewera amene wakayikiridwa kuti wagwedezeka ubongo, ndipo chaka chomwecho FIFA ndi World Health Organization anayambitsa kampeni yophunzitsa anthu zizindikiro zake. Mfundo yake siifuna dokotala: mwakayikira, mutulutseni, ndipo asabwererenso tsiku limenelo. Kubwerera kumayenda m'masitepe 6, kuyambira kuyenda, kuthamanga pang'ono, kuyeserera yekha, mpaka kusewera ndi anzake, sitepe iliyonse itenge tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo asanayambe zogundana akhale alibe chizindikiro chilichonse komanso achipatala amuone. Aphunzitsi a masewera m'masukulu athu, a mpira wa ntchemberembaye omwe, akanagwira zimenezi bwenzi tikuteteza ana ambiri. Kugundidwa m'mutu kobwerezabwereza kwa zaka kulinso ndi mtengo wake. Kafukufuku wa ku Glasgow wa mu 2019 anapeza kuti osewera mpira akale a ku Scotland ankamwalira ndi matenda owononga ubongo kuwirikiza pafupifupi katatu ndi theka poyerekeza ndi anthu wamba. Imeneyo ndi nkhani ya zaka zambiri za mpira. Asachite nayo mantha munthu amene wagwa kamodzi n'kupola bwino.

Zitachitika za ku Mpondabwino tinakhala pansi ngati banja. Uphungu woti munthu apume ndi wosavuta kuupereka kwa amene amalandira pamwezi. Kwa wakabaza, wogulitsa tomato, wa ganyu kapena wotsika ndi nkhuni kuphiri, tsiku lopuma ndi tsiku logona ndi njala. Ndiye ine ndimaona kuti funso lenileni si lakuti wodwala apume masiku angati, koma lakuti adye chiyani masiku amenewo, ndipo limenelo ndi funso la abale. Mnzake wa pa siteji anavomera kuyendetsa njinga ija, kumapereka za bwana, zotsala n'kugawana. Mlamu anabwereka ku banki mkhonde. Ine ndinatenga lendi ya mwezi umenewo. Ndinapitanso kukafotokozera bwana wa njinga maso ndi maso, chifukwa ndinaona kuti wodwalayo akamadzilankhulira yekha anthu amamva ngati akupempha chifundo.

Tinayamba ndi kuyenda. M'mamawa dzuwa lisanakwere, mphindi 10 kupita, mphindi 10 kubwera, atavala kapusi. Patapita masiku atatu tinafika mphindi 30. Masana ankathandiza mkazi wake pa benchi ya tomato kwa ola limodzi, kuwerengera chenji, n'kukagona pang'ono. Tinaika nthawi imodzi yogonera usiku ndi imodzi yodzukira. Zofunika kukumbukira ankalemba kuseri kwa kalendala. Panali masiku obwerera m'mbuyo, monga Lamlungu limene anapita kutchalitchi n'kukhala pafupi ndi sipika, koma tinaphunzira kuti tsiku loipa limodzi silifafaniza masiku abwino asanu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Njinga anayamba kuikwera pabwalo la sukulu, yekha, popanda kasitomala, ndipo mumsewu analowa atatha masiku angapo osamva chizungulire.

Akuluakulu ambiri amachira m'milungu iwiri, ana ndi achinyamata amatha kufika milungu inayi. Mwana wasukulu asakhale kunyumba nthawi yaitali. Patapita masiku ochepa ayambe kupita theka la tsiku, aloledwe kutuluka kukapuma mutu ukayamba, ndipo mayeso adikire. Makolo akalankhule ndi aphunzitsi, chifukwa mwana amene wayamba kulephera masamu mwadzidzidzi atagwa mumtengo wa mango amaoneka ngati wayamba mphwayi. Kwa ophunzira a ku yunivesite ku Chirunga amene moyo wawo uli pa laputopu ndi chimodzimodzi: kuwerenga mphindi 20, kupumitsa maso, kuyambiranso.

Ena zizindikiro zimapitirira mwezi. Pamenepo si poti n'kungodikira ayi, abwerere kuchipatala, chifukwa kawirikawiri pamakhala chifukwa china chochizika. Mutu wosatha umatha kuchokera m'khosi lomwe linakokeka pangozi. Chizungulire chobwera munthu akatembenuka pabedi chimachokera ku timiyala ting'onoting'ono ta mkati mwa khutu timene tasuntha, ndipo a fizo, achipatala othandiza ziwalo kuyambiranso kugwira ntchito, amatha kutibwezera pamalo pake pongotembenuza mutu mwa njira yake. Maso amatha kulephera kuyendera limodzi powerenga. Kumwa mankhwala a mutu pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu yambiri nakonso kumayambitsa mutu wake. Ndipo nkhawa ndi kukhumudwa zikakhazikika, kukaonana ndi a uphungu kapena achipatala cha matenda a maganizo n'chinthu choyenera. Chipatala chimene ena amachitchula monyoza chija chili ndi anthu amene anaphunzira ntchito imeneyi, ndipo ife tili nacho pafupi.

Za okalamba zili pazokha. Agogo aterereka kubafa nthawi yamvula, agunda mutu pang'ono, adzuka, aliyense waiwala. Patapita milungu itatu kapena miyezi iwiri ayamba kusokoneza mayina, kukoka mwendo umodzi, kusinza masana, kulankhula zosamveka. Timati ndi ukalamba, ena amati sitiroko, ndipo pena zimafika poipa agogo n'kuyamba kunenedwa ufiti. Ubongo wa wokalamba umakhala utanyala pang'ono, timitsempha tolumikiza ubongo ndi chigaza tili tokokeka kale, moti timaduka mosavuta n'kumadontha magazi pang'onopang'ono. Magazi amenewa CT scan imawaona, ndipo amachotsedwa poboola kabowo kakang'ono pachigaza, munthu n'kubwerera mwakale. Wokalamba akasintha mwadzidzidzi, funsani pakhomo ngati anagwapo, ndipo kauzeni adokotala.

Si mitu yonse imene imagunda paphula. Ina imamenyetsedwa kukhoma m'nyumba, chitseko chili chotseka, mwezi uno ndi mwezi wamawa, popanda mpata wopola. Mayi wotere amaiwala mchere m'ndiwo, amasokoneza ndalama za geni, n'kumenyedwanso chifukwa cha kuiwalako. Afunika chipatala, afunikanso Victim Support Unit ya kupolisi. Khanda nalonso siligwedezedwa, ngakhale lilire usiku wonse; khosi lake silingagwire mutu, ndipo kuligwedeza kumatha kulipha.

Za chipewa ndinene zoona zake. Sichingaletse ubongo kugwedezeka kotheratu, chifukwa ubongo umasuntha mkati ngakhale kunja kuli kotetezedwa. Koma chimateteza chigaza kusweka ndi magazi kutayikira mkati, ndipo World Health Organization imati chipewa chabwino chovalidwa bwino chimachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 pa 100 alionse. Chipewa cha pa kontilakiti si cha njinga. Chimene chagundapo kale mwamphamvu chimakhala chitatha ntchito ngakhale chikuoneka chabwino kunja. Ndipo chosamanga lamba chimachoka mphindi yomwe chikufunika, monga chinachitira pamsewu wa ku Songani.

Mng'ono wanga anabwerera pa siteji sabata yachinayi. Miyezi iwiri yoyamba ankaweruka dzuwa likadali m'mwamba chifukwa magetsi a galimoto usiku ankamusokoneza, koma nazonso zinatha. Mwana uja anayambiranso kumuthamangira akamva kulira kwa njinga. Chimene sichinabwerere ndi maola a tsiku lija. Adokotala anatiuza kuti asadzivutitse kuwafunafuna, chifukwa zimene ubongo sunasunge palibe poti zingachokere. Amakumbukira akulandira ndalama kwa kasitomala ku Songani, n'kuziika m'thumba la jekete. Chotsatira ndi denga la wodi m'mawa, ndi mkazi wake atagona pansi pa chitenje pambali pa bedi. Za mbuzi amangomva kwa ife.